Kodi tisonkhe ndalama tipite kwa a PEO ku Chipata?

Funso: "Ndine wapampando wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kumudzi, kufupi ndi malire a Mozambique. Mu 2022 boma linatipatsa aphunzitsi atatu atsopano. Awiri anachoka, akuti anasamukira kutauni, ndipo m'malo mwawo simunabwere munthu. Mwa otsala, mmodzi amabwera ataledzera, masiku ena osabwera n'komwe. Ahedi amangoti nkhani anaipereka kuboma. Makolo agwirizana zosonkha ndalama kuti ine ndikwere basi kupita ku Chipata kukaonana ndi a PEO, atipatse aphunzitsi ndipo achotse woledzerayo. Kodi ofesi imeneyi ntchito yake ndi yotani, ndipo ingatithandize?"

A Tcheyamani, ndalama za basizo muyambe mwazisunga kaye. Ofesi ya a PEO, mkulu wa maphunziro m'chigawo chonse, ili ndi mphamvu ndithu, koma mukafika ku Chipata ndi pakamwa pokha, adzakulandirani mwaulemu, adzakupatsani mpando, kenako adzafunsa kuti, "Kwa a DEBS munapitako? Anati chiyani?" A DEBS ndi mkulu wa maphunziro m'boma lanu. Mukasowa kalata yoonetsa, adzakubwezani kuboma lomwelo limene munalilambalala pobwera. Ine ndinagwira ntchito yoyendera masukulu m'chigawo chino mpaka kupuma, ndipo makolo obwerera chimanjamanja motere ndinawaona ambiri. Zili ngati mlandu wa malire a munda: simungaunyamule kupita nawo ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi musanaufikitse kwa anyakwawa ndi kwa mfumu ya dera lanu.

Makwerero ake ali motere. Pamwamba pali Unduna wa Zamaphunziro ku Lusaka. M'chigawo chilichonse mwa zigawo 10 za Zambia muli ofesi yotsogozedwa ndi Provincial Education Officer, amene tonse timangoti a PEO, ndipo yathu ya Kummawa ili ku Chipata. Pansi pake, m'boma lililonse muli District Education Board Secretary, a DEBS aja. Pansi pa a DEBS masukulu anagawidwa m'mazoni, zoni iliyonse ili ndi sukulu yaikulu imene ahedi ake amayang'anirako anzawo, ndiyeno pamabwera ahedi anu. Mabodi a maphunziro a m'mabomawa anayamba potsatira mfundo za boma za 1996, pamene anaona kuti Lusaka sangadziwe zimene zikuchitika pasukulu iliyonse, ndipo lamulo limene likuyendetsa zonsezi lero ndi Education Act ya 2011.

Kuti mumvetse chifukwa chake a PEO sangadziwe sukulu yanu pamtima, taonani kukula kwa dera lawo. Chigawo chino chili ndi maboma 15 kuchokera pamene Chama inabwerera kuno kuchoka ku Muchinga mu 2021. Asanu mwa iwo anabadwa mu 2018: Chipangali ndi Kasenengwa anadulidwa ku Chipata, Chasefu ndi Lumezi ku Lundazi, Lusangazi ku Petauke. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.4 miliyoni. Kuyambira ku Nyimba pamsewu wa ku Lusaka mpaka ku Chama, kuphatikiza masukulu a m'chigwa cha Luangwa kumene galimoto silifika mvula ikakhazikika, zonsezo zili pamutu pa ofesi imodzi. Ofesi yotere imaona sukulu kudzera m'mapepala amene abwera kuchokera pansi. Chimene sichinalembedwe, kwa iwo sichinachitike. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa nkhani yanu yonse yagona pamenepa.

Ntchito yawo yoyamba ndi kutsitsa malamulo a unduna ndi kuona kuti akutsatidwa. Kolera itavuta kumayambiriro kwa 2024, masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January anadzatsegulidwa pa 12 February. Analamula ndi a ku Lusaka, koma oona kuti zimbudzi, madzi ndi posambira m'manja zakonzeka anali maofesi a zigawo ndi a maboma. Momwemonso ndi maphunziro aulere kufikira Giredi 12 amene anayamba mu January 2022, ndi silabasi yatsopano imene inayamba kulowa mu 2025, yobweretsa Fomu 1 m'malo mwa Giredi 8. Kuphunzitsa aphunzitsi za silabasi imeneyi kwadya nthawi yambiri ya maofesiwa.

Yachiwiri ndi kuyendera. Amene kale tinkawatcha mainsipekitala lero amatchedwa ma standards officer. Ku Chipata kuli wamkulu wawo, a PESO, ndi anzawo ogawana maphunziro: wina masamu, wina sayansi, wina zilankhulo, wina ana olumala. Kuboma kuli a DESO ndi gulu lawo laling'ono. Akafika pasukulu amalowa m'kalasi kumvetsera mphunzitsi, amaona mabuku ake okonzera phunziro, makope a ana, kaundula wa ofika ndi ojomba, ndi mabuku a ndalama. A kuchigawo amatsamira kwambiri kumasukulu a sekondale ndi kumakoleji monga Chipata College of Education. Sukulu ya pulayimale ngati yanu, tsiku ndi tsiku ili m'manja mwa a DEBS.

Palinso mayeso. Olemba ndi kuchonga mayeso ndi a Examinations Council of Zambia, bungwe loima palokha limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1983. Koma kusunga mapepala m'zipinda zokiya, kuwafikitsa kumasukulu, kuika oyang'anira ndi kulimbana ndi kubera, zimenezo zimagwera chigawo ndi maboma pamodzi ndi apolisi. Zotsatira zikatuluka, kusankhira ana malo kumasukulu ogonera komweko monga Chizongwe kumadutsanso mu ofesi imeneyi. Ntchito zina ndi kusonkhanitsa ziwerengero za ana ndi aphunzitsi, kuunika mmene ahedi akugwiritsira ntchito ndalama za boma, ndi kuyang'anira zomangamanga zikuluzikulu.

Tsopano zimene mukufuna inuyo. Mukufuna aphunzitsi atsopano, ndipo mukufuna wina achotsedwe. Zonse ziwirizi mwini wake weniweni si a PEO. Wolemba ntchito mphunzitsi wa boma, womutsimikiza, womukweza ndi womuchotsa ndi Teaching Service Commission ya ku Lusaka. Aphunzitsi anu atatu aja anali m'gulu la 30,496 amene bungwe limeneli linalemba mu 2022. Potsatira lamulo la 2016, zina mwa ntchito zake linagawirako makomiti oona za antchito a m'maboma ndi a m'zigawo, n'chifukwa chake nkhani zambiri zimayambira kuboma, n'kukwera ku Chipata, n'kukathera ku Lusaka. Pali bungwe linanso limene anthu amalisokoneza ndi loyambali, Teaching Council of Zambia, lobadwa ndi lamulo la 2013. Ilo ndi limene limalembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa laisensi, a boma ndi a masukulu a eni omwe, ndipo lingathe kumulanda munthu laisensiyo. A PEO amalandira nkhani, amaiunika, amalembapo maganizo awo, ndipo maganizo amenewo ndi olemera. Koma sangadzuke m'mawa n'kulemba munthu ntchito, kapena kumuthamangitsa chifukwa makolo abwera atakwiya.

Mphamvu imene ali nayo pafupi ndi ya kusamutsa. Mwa chizolowezi cha ntchito, kusuntha mphunzitsi kuchoka pasukulu ina kupita pa ina m'boma lomwelo ndi nkhani ya a DEBS. Kuchoka boma lina kupita lina, monga kuchoka ku Vubwi kupita ku Chipata, kumadutsa kwa a PEO. Kuchoka chigawo chino kupita ku Copperbelt kapena kwina kumafuna Lusaka. Choncho funso loyamba lofunsa ahedi ndi lakuti: awiri aja anapita kuti kwenikweni, ndipo kalata yowasamutsa anasaina ndani? Ahedi ayenera kukhala ndi kope lake m'faelo. Ngati palibe kalata ina iliyonse, ndiye kuti anthuwo sanasamutsidwe, anangochoka, ndipo umenewo ndi mlandu wina.

Apa ndiye pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa makolo ambiri sadziwa, ndipo ahedi ena sakonda kufotokoza. Sukulu iliyonse ya boma ili ndi chiwerengero cha malo a ntchito chovomerezeka, chimene m'maofesi amati establishment. Malipiro a mphunzitsi aliyense amamangiriridwa pa malo amodzi mwa amenewo, m'makina a boma otchedwa PMEC amene amayendetsedwa kuchokera ku Lusaka. Mphunzitsi angathe kusamuka ndi katundu wake yense, n'kumaphunzitsa kutauni, pamene dzina lake m'makinamo likadali pasukulu yanu. Zimachitika chifukwa kutauni malo ovomerezeka anadzaza kale, ndiye munthuyo amapita thupi lokha, malipiro n'kutsala kumudzi. Zotsatira zake ndi zowawa. Munthu wokhala ku Chipata kapena ku Lusaka akatsegula kompyuta, amaona sukulu yanu ili ndi aphunzitsi okwanira. Boma likamagawa aphunzitsi atsopano, dzina la sukulu yanu silituluka pakati pa osowa, chifukwa malo ake akuoneka kuti muli anthu. Inu mukuona ana a magiredi awiri atathithikana m'chipinda chimodzi, pepala likunena kuti zonse zili bwino.

Pali ndi nkhani ya ndalama pamenepa. Mphunzitsi wa kumudzi amalandira alawansi ya mavuto a kumudzi, 20 peresenti ya malipiro ake, ndipo wa kutali kwenikweni amalandira 25 peresenti. Dzina likatsala pasukulu yanu, nthawi zina alawansiyo imapitirirabe kulowa m'thumba la munthu amene akukhala m'nyumba ya magetsi m'tauni. Oona za chuma cha boma akhala akudandaula za kusagwirizana kwa malipiro ndi malo ogwirira ntchito kwa zaka zambiri, ndipo ofesi ya chigawo ikalandira umboni wa zotere imayenda msanga kuposa pamene yalandira dandaulo wamba, chifukwa ndi nkhani imene iwonso amafunsidwa.

Zimachitikanso mbali inayo. Masukulu ena anayamba ngati a m'mudzi, omangidwa ndi makolo, kapena anakwezedwa kuchoka pulayimale kukhala sekondale, koma malo a ntchito ovomerezeka sanawonjezedwe. Aphunzitsi a pamenepo amakhala obwereka, malipiro awo ali kwina. Ngati sukulu yanu ndi yotere, vuto lake ndi lozama, chifukwa kutsegula malo atsopano a ntchito kumafuna chilolezo cha osunga chuma cha boma ku Lusaka. A PEO angathe kupempha ndi kukumbutsa, koma cholembera chomaliza si chawo.

Ndiye mukapita kwa a DEBS, musakangonena kuti "tilibe aphunzitsi." Mawu amenewo amawamva tsiku lililonse kuchokera kumasukulu onse. Kafunseni zinthu zitatu: sukulu yathu ili ndi malo angati ovomerezeka, pa malipiro pali maina angati, ndipo mwa mainawo ndi angati amene akuphunzitsadi pano? Munthu wofunsa motere amamvedwa mosiyana ndi ena. Ngati maina a awiri aja akadali kwanu, pempho lanu likhale lakuti abwerere, kapena maina awo achotsedwe kuti malo aoneke opanda munthu.

Ndinenepo pang'ono za ochokawo, chifukwa kumidzi timafulumira kuwatcha odzikonda. Ena amachokadi mwachinyengo, ndi makalata a kuchipatala kapena a ukwati okayikitsa. Koma ambiri amene ndinawaona akuchoka anali asungwana ongomaliza koleji, ofikira m'kachipinda kosungiramo makasu a sukulu, madzi kutali, foni yogwira pachulu pokha, ndipo kukatenga malipiro kumadya tsiku lathunthu. Komiti yanu ikafika kwa a DEBS n'kunena kuti nyumba ya mphunzitsi ilipo, yofolera ndi malata, ya chimbudzi chake, mwadula theka la mkangano. Ofesi iliyonse imasankha kutumiza munthu kumene ikudziwa kuti akakhala. Ndalama za nyumba, zipinda ndi madesiki masiku ano musazifune kwa a PEO. Zili ku CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'makonstichuwense, imene inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse mu 2022 ndipo yakhala ikukwerabe. Khomo lake ndi komiti ya chitukuko ya wadi yanu, akhansala, ndi khonsolo. A DEBS amangofunika kuvomereza kuti chimene mukupemphacho n'chofunikadi. Makolo angathandize ndi njerwa, mchenga ndi manja mwa kufuna kwawo, koma musaike msonkho woti mwana amene kwawo sanapereke abwezedwe pakhomo la kalasi. Kuyambira 2022 zimenezo zingawaike ahedi anu m'mavuto.

Tibwere kwa woledzera uja. Mphunzitsi wa boma sachotsedwa ndi mphekesera, ndipo ndi bwino kuti zili choncho, chifukwa pakanapanda chitetezo chimenechi aliyense wokangana ndi anyakwawa bwenzi atataya ntchito. Mwambo wake umayambira pa ahedi. Iwo amamuchenjeza, choyamba pakamwa, kenako polemba. Akapanda kusintha amamulembera kalata yomuimba mlandu, yotchula tsiku ndi chimene anachita. Iye amapatsidwa mpata woyankha polemba, ndipo ali ndi ufulu wothandizidwa ndi bungwe lake la aphunzitsi, kaya ndi ZNUT, BETUZ kapena lina. Faelo imeneyo ndi imene imakwera kwa a DEBS, n'kupita kuchigawo, mpaka ku Commission ngati mlanduwo ndi wofika pochotsa munthu. Kujomba masiku 10 a ntchito otsatizana popanda chilolezo ndi mlandu wokwanira kuchotsa munthu, koma pafunika buku losainamo aphunzitsi m'mawa lionetse kuti masikuwo sanasaine, ndipo ahedi akhale atalemba m'buku la zochitika pasukulu.

Mawu a ahedi akuti "ndinaipereka kuboma" ali ndi matanthauzo ambiri. Nthawi zina amatanthauza kalata yodindidwa. Nthawi zambiri amatanthauza kuti anakumana ndi munthu wa ku ofesi pamsonkhano wa zoni n'kumunong'oneza. Musawapse mtima msanga. Ahedi amakhala pakhomo limodzi ndi munthuyo, akazi awo amatunga madzi pachitsime chimodzi, ndipo kulembera mnzako kalata yomuchotsetsa ntchito si chinthu chopepuka. Komiti yanu ingawapepuze katunduyu. Itanitsani msonkhano, nkhaniyo ilowe m'maminitsi, ndipo muwalembere ahedi kalata yopempha kuti achitepo kanthu. Akakhala ndi kalata ya makolo m'manja, angathe kuuza mnzawoyo kuti sakumuda iwo, akukakamizidwa. Ndipo ngati munthuyo ndi wodwala mowa, osati wamwano chabe, pemphani kuti ayambe wathandizidwa. Mukuchepa kale aphunzitsi. Wosiya mowa n'kubwerera m'kalasi akuthandizani msanga kuposa wolowa m'malo amene mungamudikire chaka chathunthu. Chimene ndimadana nacho ine ndi chizolowezi chongosamutsa woledzera kupita naye kusukulu ya kutali kwambiri, ngati kuti ana a kumeneko si ana. Musavomere kuti imeneyo ikhale njira yothetsera nkhani yanu, chifukwa mwina ndi momwe iyeyo anafikira kwanu.

Kalata yopita kwa a DEBS ikhale ya tsamba limodzi kapena awiri. Mulembe dzina la sukulu ndi zoni, chiwerengero cha ana m'giredi iliyonse, maina a aphunzitsi amene alipo, amene anachoka ndi mwezi umene anachokera. Za woledzerayo mulembe masiku enieni, osati "nthawi zonse." Idutse kwa ahedi kuti asainepo, chifukwa ofesi imalemekeza kalata yodutsa m'njira yake. Akakana kusaina, itumizeni choncho, ndipo munenemo kuti anakana. Anyakwawa asainenso, ndipo ngati amfumu a dera angadindepo chidindo chawo, ndi bwino koposa. Mafumu a kuno akhala akulankhula mwamphamvu za ana oweta ng'ombe m'malo mopita kusukulu ndi za maukwati a ana, ndipo mawu awo maofesi a boma sawanyalanyaza. Mulembe m'Chinyanja ngati ndi chimene mungathe, palibe lamulo loletsa. Mupite ndi makope awiri, lina alandire, lina akudindireni tsiku n'kubwerera nalo. Kope lodindidwalo ndi limene lidzakutsegulireni chitseko ku Chipata.

Nthawi yopita kwa a PEO imakwana pamene mwalemba kuboma, mwakumbutsa, temu yatha popanda yankho kapena woyendera. Imakwananso pamene mwapeza kuti aphunzitsi anu anapita kuboma lina, kapena pamene dandaulo lanu likukhudza ofesi ya kuboma yeniyeniyo. Pamenepo lembani kalata kwa a PEO, mumatepo makope a zonse, ndipo kope lina lipite kwa a DEBS kuti asadzati munawazembera. Mukafika simungaonane ndi a PEO eni ake nthawi zonse, ndipo musakhumudwe. Wa ofesi yoona za antchito ndi amene amagwira mafaelo a kusamutsa ndi a malipiro, a PESO ndi amene angatumize woyendera. Kawirikawiri anthu awiri amenewa ndi amene nkhani yanu ikuwafuna.

Pali nkhani zina zimene simuyenera kuyenda nazo m'makwerero amenewa n'komwe. Mphunzitsi akagwirira mwana kapena kumupatsa mimba, pitani kupolisi tsiku lomwelo, ku Victim Support Unit, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Ahedi ndi a DEBS muwadziwitse pambuyo pake, ndipo musalole zokambirana za pakhomo zolipitsana mbuzi. Mtsikanayo ali ndi ufulu wobwerera kusukulu akabereka, malinga ndi mfundo ya boma ya 1997. Kumenya ana nakonso lamulo la 2011 linaletsa. Wina akakuuzani kuti mupereke "ya mafuta" kapena "ya sopo" kuti akutumizireni mphunzitsi, imeneyo ndi nkhani ya Anti-Corruption Commission, bungwe lolimbana ndi ziphuphu. Ndipo ngati maofesi onse angokhala chete, pali ofesi ya Public Protector imene ntchito yake ndi kumva madandaulo a anthu osathandizidwa ndi maofesi a boma.

Musankhenso nyengo. Kuyambira October mpaka December maofesi onsewa amakhala m'mayeso, ndipo anthu amene mukuwafuna amakhala ali m'misewu ndi mabokosi a mapepala. January ndi wa kusankha ana ndi kutsegulira masukulu. Kalata yanu ifike m'temu yoyamba January atapita, kapena m'temu yachiwiri misewu itauma, pamene woyendera angathe kufika kwanu ndi galimoto kapena njinga yamoto n'kudzawerenga yekha ana ndi aphunzitsi. Ndalama zimene makolo asonkhazo zikwanira ulendo wa kuboma, mafotokope, ndi ulendo wachiwiri wokakumbutsa.